Moto wa Mafuta pa Msewu: Kodi Wothandiza Angakhale ndi Mlandu?

Phunziro la mwezi uno ndi la malamulo. Aphunzitsi angathe kuliwerenga pamodzi ndi ana a makalasi apamwamba, ndipo alembi a mafumu achita bwino akaliwerenga pa bwalo, pakuti nkhani yake ikhudza munthu aliyense wokhala m'mbali mwa msewu waukulu.

Msewu wa M2 uchokera ku Limbe, nudzera pa Bvumbwe, nulowa m'minda ya tiyi kufikira pa Boma la Thyolo. Kuchoka apo utsikira ku Luchenza ndi ku Mulanje, nukathera pa chipata cha Muloza. Ili ndilo dziko la maesiteti onga Satemwa, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba. Msewuwo ngwokhotakhota, wa zitunda ndi zigwa, ndipo chiperoni chikagwa m'miyezi ya June ndi July nkhungu iphimba minda kotero kuti dalaivala saona patali. Pa msewu womwewo payenda galimoto zazikulu zonyamula petulo, dizilo ndi palafini, ndipo imodzi yokha ingathe kusenza malita 30,000 kapena kuposerapo. Petulo ndi dizilo agulidwa kunja, nalowa m'dziko muno kudzera ku madoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique ndi Dar es Salaam ku Tanzania. Bungwe la MERA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2004, ndilo lipereka zilolezo kwa onyamula, osunga ndi ogulitsa mafuta ndi gasi.

Tsono nachi chitsanzo chongoyerekeza. Ndi m'mawa wa nkhungu, othyola tiyi ali m'munda madengu ali kumsana. Galimoto ya petulo yalephera kukhota, yagubuduzika, yagona cham'mbali m'ngalande, ndipo petulo ali kutuluka pa chivundikiro chothyoka. Dalaivala wapanikizika m'kati. Apolisi ali kutali, ndipo ngati galimoto yozimitsa moto iyenera kuchokera ku Blantyre, ili ndi ulendo wa makilomita ngati 40. Amene ali pafupi ndi eni esiteti. Iwo ali ndi thirakitala ndi unyolo, ngolo ya thanki ya madzi othirira nazale, makasu, mafosholo, alonda, ndiponso kachipatala ndi galimoto yonyamula odwala. Kapitawo athamanga kukauza manijala. Manijala afuna kuthandiza, koma mumtima mwake muli funso lakuti: ndikatumiza anthu anga, china n'kulakwika, kodi kampani siidzasumiridwa? Pamene iye ali kusinkhasinkha petulo ali kuyenda, ndipo anthu a m'midzi yapafupi ayamba kufika ndi zigubu.

Kumudzi funso lotere silivuta. Nyumba ikapsa anthu athamanga ndi ndowa ndi nthambi zaziwisi, ndipo akaona kuti mphepo ili kukankhira moto ku nyumba yoyandikana, asasula udzu wa denga lake msangamsanga. Mwini denga losasulidwalo sapita kwa anyakwawa kukadandaula kuti anzake amuonongera udzu. Akapita, bwalo limseka. Paja akulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Koma mlandu ukhalapo ndithu, ndipo ugwera uja anayatsa tchire posaka mbewa. Wozima salipira, alipira ndi woyatsa. Malamulo olembedwa ayenda njira yaitali ndi yozungulira kuti akafike pamenepo, ndipo njira imeneyo ndiyo ili m'phunziro lino.

Ngozi ya ku Caphiridzange

Owerenga akumbukire poyamba za pa 17 November 2016. Galimoto yonyamula petulo kuchokera ku Beira kudza ku Malawi inaima pa mudzi wa Caphiridzange, m'boma la Moatize, m'chigawo cha Tete, chakufupi ndi msewu wopita ku chipata cha Zobue. Anthu anasonkhana ndi ndowa ndi zigubu kudzatunga petulo, amayi ndi ana omwe. Thanki inaphulika. Boma la Mozambique linalengeza kuti anthu oposa 70 afa ndi kuti oposa 100 avulala, ndipo ena ambiri mwa opsawo anamwalirira m'chipatala cha Tete masiku otsatira. Dziko lonse linakhuza maliro masiku atatu. Zotere zinachitikanso ku Morogoro, ku Tanzania, pa 10 August 2019, pa msewu wochokera ku Dar es Salaam, kumene anthu oposa 60 anafa tsiku lomwelo. Pa 24 December 2022, ku Boksburg pafupi ndi Johannesburg, galimoto ya gasi inakanirira pansi pa mlatho wa njanji pafupi ndi chipatala cha Tambo Memorial, niphulika. Anafa anthu 41, ena a iwo anamwino ndi antchito a chipatalacho.

M'malo atatu onsewa moto waukulu sunadze pomwepo galimoto itangoima. Panapita kanthawi, ndipo m'kanthawi kameneko khamu la anthu linasonkhana. Ndi nthawi imeneyo imene alonda khumi ndi chingwe chimodzi chotchinga njira angathe kupulumutsa miyoyo yochuluka kuposa imene madokotala angapulumutse pambuyo pake. Chifukwa chake si chinthu chochepa kuti kampani yokhala pafupi ichedwe poopa khoti.

Khalidwe la petulo ndi gasi

Komabe mantha a manijala ali ndi maziko, ndipo maziko ake ali m'khalidwe la mafutawo. Petulo sapsa monga nkhuni. Chimene chiyaka ndi mpweya wake, umene utuluka ngakhale kunja kuzizire chotani. Mpweyawo ngwolemera, motero sukwera kumwamba monga utsi ayi. Ukwawa pansi, nutsata ngalande ndi zigwa, ndipo ungathe kukapeza mbaula kapena ndudu patali ndithu, moto n'kubwerera nawo kufikira pa thanki. Injini ya thirakitala, unyolo wokhula pa mwala, waya wa batire, chilichonse cha izi chingathe kuthethetsa moto. Dizilo sagwira moto msanga pokhapokha atatentha, koma aononga madzi ndi nthaka chimodzimodzi. Gasi wophikira asungidwa m'thanki ali wamadzimadzi. Akatuluka afufuma kuposa ka 250, ndipo thanki yake ikatenthedwa ndi moto iphulika ndi kuponya zitsulo kutali.

Chinanso n'chakuti petulo ndi dizilo ayandama pa madzi. Wothira madzi pa petulo woyaka sazima moto, angounyamula kuupereka kwina. Wotsuka petulo pa msewu amkankhira m'ngalande, ngalande ipereka ku kamtsinje, ndipo timitsinje tambiri ta m'minda ya tiyi tithera m'Nswadzi kapena m'Thuchila, madzi ake n'kukalowa m'Ruo, amene athira m'Shire ku Chiromo. M'mbali mwa timitsinje timeneti muli madimba, nthochi ndi zitsime za anthu.

Motero wothandiza wa mtima wabwino koma wosadziwa angathe kukulitsa ngozi. Ngakhale maboma aakulu analakwapo. M'chaka cha 1967 sitima ya Torrey Canyon inasweka pafupi ndi gombe la Cornwall ku England, ndipo otsuka gombe anathira mankhwala ochuluka osungunula mafuta. Pambuyo pake kunapezeka kuti m'malo ambiri mankhwalawo anapha zamoyo za m'mbali mwa nyanja koposa mafuta eni ake.

Chimene makhoti a dziko lino ayang'ana

Dziko lino linalandira malamulo a ku England m'chaka cha 1902, pamene lamulo lotchedwa British Central Africa Order in Council linakhazikitsa Khoti Lalikulu ndi kulilamula kuweruza potsata malamulo a kumeneko. Kufikira lero milandu ya kuonongerana chifukwa cha kusasamala iweruzidwa pa maziko amenewo, ndipo oweruza a ku Malawi ayang'anabe ziweruzo za ku England monga munthu afunsira nzeru kwa akulu, ngakhale sakakamizidwa kutsata zonse.

Mfundo yoyamba idabwitsa anthu ambiri a kumudzi. Pa malamulo amenewa, munthu amene sanayambitse ngozi sakakamizidwa kupulumutsa mlendo. Manijala akatseka geti ndi kukhala phee mu ofesi, anthu adzamunena, koma kawirikawiri khoti silidzampeza ndi mlandu wa kusasamala. Kwa antchito ake ndiko kuli kosiyana, pakuti lamulo la 1997 la chitetezo ndi umoyo pa malo a ntchito limlamula kuwateteza, motero ayenera kuchotsa othyola tiyi m'munda woyandikana ndi ngoziyo. Koma za dalaivala wopanikizika ndi anthu a zigubu, lamulo silimkankha. Apa pali kukhota, chifukwa wopinda manja aoneka ngati ali pabwino kuposa wotambasula dzanja.

Mfundo yachiwiri iongola pang'ono kukhotako. Munthu akayamba kuthandiza ayenera kusamala kuti asakulitse vuto, ndipo kampani iyankha pa zimene antchito ake achita pa ntchito imene yawatuma. Koma muyeso wake si wankhanza. Woweruza afunsa kuti munthu wanzeru, wokhala pa malo omwewo, pa nthawi yomweyo, ndi zipangizo zomwezo, akadachita chiyani. Sayesa ndi nzeru za munthu amene wakhala pa mpando patapita chaka, mapepala onse ali patsogolo pake.

Mlandu wina wa ku England, wa Cope ndi Sharpe, wa m'chaka cha 1912, uonetsa bwino zimenezi, ndipo aliyense wodziwa kulambula mphepete mwa nkhalango ya bulugamu adzaumva msanga. Moto unabuka pa malo a munthu wina. Mlonda wosunga mbalame zosakidwa pa malowo anayatsa dala timizere ta tchire kutsogolo kwa motowo, kuti ukafika pamenepo usowe chakudya. Zinachitika n'zakuti antchito a mwini malo anauzima moto usanafike pa timizereto, ndipo mwini malo anasumira mlondayo chifukwa cha tchire lake lopsa. Khoti linati mlondayo alibe mlandu. Ngakhale pambuyo pake kunaoneka kuti kutenthako kunali kosafunika, pa nthawi imene iye anayatsa ngozi inalipo ndithu, ndipo munthu wanzeru akadachita chomwecho.

Mfundo yachitatu ndi ya wothandiza amene wavulala. Iyi iyenera kumveka bwino kwa onse okumba ndi kutsuka zitsime. M'chaka cha 1955, ku Derbyshire ku England, kampani ina inapatsidwa ntchito yotsuka chitsime chakuya pa famu. Inaika pampu ya injini ya petulo m'kati mwa chitsimecho, ndipo utsi wa injini unadzaza pansi mpweya wakupha, wosaoneka ndi maso. Antchito awiri anatsikira m'menemo, nakomoka. Anaitana dokotala wa m'deralo, Dr. Baker. Anthu anamchenjeza, koma iye anadzimanga chingwe m'chiuno natsika, nayenso nakomoka. Chingwe chinakodwa pomkoka, ndipo anamwalira pamodzi ndi awiri aja. Kampaniyo inakana kulipira, niti dokotala analowa yekha akudziwa kuopsa kwake. M'chaka cha 1959 khoti la apilo linakana mawu amenewo. Linati wochititsa ngozi ayenera kudziwiratu kuti padzapezeka wina wothamangira kukapulumutsa, ndipo wopulumutsayo akavulala kapena kufa, mlandu uli pa wochititsa ngoziyo.

Malamulo a Nyumba ya Malamulo ya dziko lino aonjezerapo ziwiri. Lamulo la 2000 la chipepeso cha antchito linena kuti wantchito wovulala pa ntchito alipidwa ndi womlemba ntchito; motero dalaivala wa thirakitala amene watumidwa ndi kapitawo kukathandiza, akapsa, sataya ufulu wake. Ndipo lamulo la 2017 losamalira chilengedwe, limene linakhazikitsa bungwe la MEPA, liimika mfundo yakuti woipitsa ndiye alipira kukonza kwake.

Tsono owerenga abwerere ku galimoto yogona m'ngalande ija, aone njira zitatu zimene m'mawa umenewo ungathere.

Kapitawo aona kuti petulo ali kulunjika ku kamtsinje. Atenga anthu ndi makasu, natsikira kumunsi kumene petulo sanafike, naunda mzere wa dothi modutsa ngalande. Pochita izi agwetsa nthochi zisanu ndi kupondereza bedi la mpiru m'dimba la mayi wina. Mayiyo ali ndi dandaulo lenileni, pakuti mpiru umenewo ndiwo unali sopo ndi mchere wa pa banja pake. Koma kapitawo wachita monga mlonda wa mbalame uja, ndipo dandaulo la mayi liyenera kulunjika kwa eni galimoto ndi a inshuwalansi awo, ngati galimotoyo inagwa chifukwa cha liwiro, mabuleki osakonzedwa kapena kusasamala kwina.

Njira yachiwiri. Wapolisi wafika, nanena momveka kuti pasathiridwe madzi. Kapitawo, pofuna kuti msewu utseguke msanga kuti tiyi wothyoledwa asaonongeke asanafike ku fakitale, alamula kuti atsegule thanki ya madzi. Petulo alowa m'kamtsinje, nsomba ziyandama, zitsime zitatu zinunkha. Apa kampani siingabisale kumbuyo kwa mawu akuti inali kuthandiza. Inachenjezedwa, ndipo inasamala tiyi wake koposa madzi a anthu. Idzagawana mlandu ndi eni galimoto.

Njira yachitatu ndiyo yovuta, ndipo ndi yomwe isowetsa tulo maloya. Dalaivala wopanikizika ali kulira, magazi ali kutuluka. Kapitawo aganiza kuti akadikira munthuyo afa. Abweretsa thirakitala kuti akoke chitseko ndi unyolo. Moto uthetheka. Kodi iye anachita monga munthu wanzeru wopanikizidwa ndi nthawi, kapena anachita mopusa pobweretsa injini pa fungo la petulo? Mboni zidzasiyana. Woweruza adzafuna kudziwa ngati kapitawo anaphunzitsidwapo za mafuta, ngati wina anamletsa, mphepo inali kulowera kuti, ndiponso ngati panali njira ina. Mlandu wotere ungathe kugwera mbali iliyonse, ndipo sutha chaka chimodzi.

Pali chinthu chimodzi chimene eni maesiteti asachiiwale. Iwonso asunga dizilo wambiri wa mathirakitala, malole ndi majenereta oyendetsa fakitale magetsi a ESCOM akazima. Thanki yawo ikabooka, iwo sali othandiza ayi, ndiwo eni mbewa ndi eni moto. Chiweruzo chakale cha 1868, cha Rylands ndi Fletcher, chinati munthu wosunga pa malo ake chinthu choopsa ayankha chikathawira kwa mnansi wake.

Chishango cholembedwa m'malamulo

Wina angafunse kuti ngati khoti limvera chisoni wothandiza wosamala, manijala aopanji? Yankho lake n'lakuti kupambana mlandu nakonso kudya ndalama ndi zaka. Pa 16 March 1978 sitima yaikulu ya mafuta, Amoco Cadiz, inaonongeka chiwongolero pafupi ndi gombe la Brittany ku France. Sitima yokoka zinzake, dzina lake Pacific, ya kampani ya ku Germany ya Bugsier, inadza kudzathandiza. Oyendetsa sitima ziwirizo anatsutsana za mapangano a malipiro, chingwe chokokera chinaduka m'namondwe, ndipo usiku womwewo Amoco Cadiz inagunda miyala pafupi ndi mudzi wa Portsall. Matani oposa 220,000 a mafuta anatayika. Pakati pa osumiridwa panali Bugsier yomwe. Woweruza Frank McGarr wa ku Chicago anagamula m'chaka cha 1984 kuti kampani ya Amoco ndiyo yolakwa ndi kuti Bugsier ilibe mlandu. Wothandiza anayera, koma atadikira zaka zisanu ndi chimodzi. Makampani ena onse anaona, ndipo anaphunzira kuyamba afunsa loya asanaponye chingwe.

Chifukwa cha zotere maiko ena anaganiza zolemba chishango m'lamulo lenileni, kuti wothandiza adziwiretu poima pake. Pa 24 March 1989 sitima ya Exxon Valdez inataya malita pafupifupi 41 miliyoni a mafuta ku Alaska, ndipo chaka chotsatira, 1990, dziko la America linakhazikitsa lamulo lotchedwa Oil Pollution Act. M'lamulo limenelo munthu kapena kampani yopereka thandizo kapena uphungu pochotsa mafuta otayika, potsata dongosolo la Boma la ngozi zotere kapena malangizo a mkulu wa Boma woyang'anira ntchitoyo, salipira zoonongeka zobwera chifukwa cha ntchito yakeyo. Mgwirizano wa maiko wa 1992 wa mafuta otayika m'nyanja uli ndi mfundo yofanana nayo. Mwini sitima ndiye ayankha, alakwe asalakwe, ndipo sitima zazikulu ziyenera kukhala ndi inshuwalansi. Opulumutsa sitima ndi otchinga mafuta sasumiridwa, pokhapokha ataononga dala kapena atachita mosalabadira akudziwa kuti zionongeka.

Chishango cha ku America chili ndi malire, ndipo malire amenewo ndiwo mtima wa nkhani. Sichiphimba mwini mafuta kapena mwini sitima. Sichiphimba wochita mosasamala koopsa kapena wolakwa dala. Sichiphimba mlandu wa munthu wovulala kapena wakufa. Ndipo choposa zonse, ngongole imene wothandiza wachotseredwa siifafanizidwa. Lamulo liisenzetsa mwini mafuta. Mfundo yotsirizayi aphunzitsi aigogomeze. Lamulo longoti wothandiza asasumiridwe, osanena amene adzalipira m'malo mwake, likadakhala lolanda osauka, pakuti mayi wa dimba uja akadatsala wopanda khomo logogodapo.

Ngakhale chishango cholembedwa sichithetsa makani onse. Pa 20 April 2010 chitsime cha mafuta cha kampani ya BP chinaphulika pansi pa nyanja ya Gulf of Mexico, pa malo okumbira otchedwa Deepwater Horizon. Antchito 11 anafa, ndipo mafuta anatuluka masiku 87. Pambuyo pake asodzi ndi ena amene anagwira ntchito yotsuka anasumira makampani othandiza, nati mankhwala osungunula mafuta anawadwalitsa. Popeza milandu ya kuvulala kwa thupi ili kunja kwa chishango, makampaniwo anakaima m'khoti. M'November 2012 woweruza Carl Barbier wa ku New Orleans anachotsa milandu ya kampani ya Nalco, yopanga mankhwalawo, pa chifukwa chakuti anathiridwa molamulidwa ndi Boma. Chimene chinapulumutsa kampaniyo ndi umboni wakuti inatsata mawu a woyang'anira, osati nzeru zake zokha.

Zokonzeratu ku Thyolo

Phunziro limeneli ligwira ntchito ku Thyolo ngakhale kulibe nyanja ya mchere. Wothandiza amene wapemphedwa ndi Boma, nachita zimene wauzidwa, aima pa mwala. Wongodzichitira aima pa matope. Ndipo pempho lotere silikonzedwa petulo ali kale m'ngalande.

Dziko lino lili ndi njira yokonzera zimenezi. Lamulo la 1991 la ngozi zogwa mwadzidzidzi, limene linadza madzi atasefukira ku Phalombe m'March chaka chimenecho, linalowedwa m'malo ndi lamulo latsopano m'chaka cha 2023, chaka chimene namondwe Freddy anasakaza Thyolo, Mulanje, Phalombe, Blantyre ndi maboma ena a kumwera. Pansi pa nthambi ya Boma ya DoDMA pali makomiti a ngozi pa boma, kwa mafumu aakulu ndi m'midzi. Makomiti amenewa azolowera za madzi osefukira ndi njala; ndi bwino kuti aikepo ndi za mafuta. Eni maesiteti, apolisi, a chipatala cha Boma ndi cha Malamulo ku Makwasa, ndi makampani onyamula mafuta angathe kukhala pansi pamaso pa Bwana D.C. ndi kulemberana pangano: ndani aitana esiteti, ndani alamula pa malo a ngozi, ntchito ziti esiteti ingachite ndi ziti isakhudze, ndiponso ndani adzabweza ndalama zoonongedwa. Manijala afunsenso a inshuwalansi ake, molemba kalata, ngati thirakitala ndi antchito ake ali otetezedwa akatuluka kunja kwa malire a esiteti kukathandiza.

Ntchito zambiri zopulumutsa moyo zilibe chiopsezo cha mlandu n'komwe. Kutseka msewu patali mbali zonse ziwiri. Kuimika alonda ndi chingwe. Kuzimitsa injini, mbaula ndi ndudu. Kusunthira anthu kumtunda ndi kumene mphepo ichokera. Kuunda dothi kapena mchenga kumunsi kwa ngalande. Kutuma wanjinga kukachenjeza otunga madzi ku mtsinje. Kunyamula opsa kupita nawo ku chipatala, ndipo opsa kwambiri atumizidwa ku Gulupu ku Blantyre, kumene kuli chipinda chawochawo. Kudzutsa galimoto yakugwa ndi kupopa mafuta otsala m'thanki ndi ntchito ya anthu ophunzitsidwa, okhala ndi thovu lozimitsira moto ndi mapampu osathetheka, ndipo esiteti iwadikire.

Anthu a zigubu nawo adziwe poima pawo. Petulo wa m'galimoto yakugwa ali ndi mwini wake, ndipo kumtunga ndi kuba. Wopsa ali kutunga akapita ku khoti kukafuna chipepeso, woweruza adzayang'ana kulakwa kwa iye mwini, ndipo angathe kuchepetsa chipepesocho kapena kumkaniza. Mafumu ndi aphunzitsi anene zimenezi poyera, makamaka kwa ana, chifukwa ndiwo atumidwa ndi ndowa.

Chotsala ndi kabuku. Kalaliki wa esiteti apite ku malo a ngozi ndi kabuku ndi wotchi, alembe nthawi imene uthenga unafika, dzina ndi nambala ya wapolisi amene anapempha thandizo, mawu amene ananena, anthu amene anatumidwa, ndi chimene aliyense anachita. Alembenso maina a eni madimba ndi zitsime zimene zakhudzidwa, kuti anyakwawa asaine pamunsi tsiku lomwelo. Patapita zaka zitatu mboni zidzakhala zitaiwala, ena atasamuka, ena atamwalira, ndipo woweruza adzafunsa kabukuko.